Ndodo ya ku Durban

Tisamunamizire Abdulwahab, iye sananenepo ndi pakamwa pake kuti anali msodzi wa panyanja yamchere. Chimene anachita n'choti, mwezi wake woyamba ku Durban, anaima pafupi ndi chinsomba chimene anthu ena anapha, n'kujambulitsa, n'kutumizira mkazi wake Asiyatu pa foni. Asiyatu anaonetsa bambo ake, a Fakiri, ndipo a Fakiri anaonetsa Liwaladzi yense. Nkhani inamera miyendo. Pomatha zaka zisanu ndi ziwiri, munthu wotsuka magalimoto kuseri kwa sitolo ya mmwenye anali atasanduka katswiri wopha nsomba zazikulu ngati thole. Iye sanavomere, komanso sanakane, ndipo kusakanako n'kumene kunamudya.

Pobwerera kumudzi anatenga ndodo yophera nsomba imene mwana wa bwana wake anaitaya posesa m'galaja. Inali yaifupi, yakuda, yolimba, ya timphete ting'onoting'ono todutsamo chingwe, koma yopanda chokulungira chingwecho. Anaipachika pa misomali iwiri pabalaza, ndipo alendo ankaigwira ndi nsonga za zala.

A Fakiri anakalambira m'bwato. Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha, ndiye mkamwini ameneyu anamutenga ngati mwana wawo wobala. Atamva kuti loji ina ku Ngala ikufuna munthu woperekeza alendo kukawedza kampango pakuya, sanafunse aliyense. Anapita okha, nakamuyamikira mpaka malovu kuuma.

"Bambo, ntchito mwaipeza," anatero madzulo ake. "Lachinayi titenge ndodo yanu ija. Akuti mukangosankha chokulungira chake, aone kuti mumazidziwa. Ine ndawauza kuti mukawaphunzitsa ndinu."

Abdulwahab anafuna kuulula. Chilungamo chinafika pakhosi, koma nkhope ya nkhalambayo inali kuwala moti anangoti, "Inshallah."

M'minibasi anayesanso kawiri konse. Atati atsegule pakamwa, a Fakiri anali akuuza kondakitala kuti asamale ndodoyo chifukwa yaoloka malire atatu. Atayesa kachiwiri, anali akufotokozera mayi wina wa dengu la mpunga kukula kwa chinsomba cha pachithunzi chija, chimene tsopano chinali chitatalika kuposa minibasiyo.

Woyang'anira maboti palojipo anali mayi wina wamtali, dzina lake Dyna, wochokera chakumpoto. Anawalandira mwaulemu pansi pa mtengo wa mango, pomwe panali tebulo. Chapafupi amuna awiri ankapaka utoto boti, makutu ali kuno. Dyna anaitembenuza ndodoyo, naipinda pang'ono pabondo.

"Iyi ndi yeniyeni," anatero. "Ndi ija amatsitsira chitsulo chonyezimira pansi penipeni, n'kumachidumphitsa kuti nsomba iyese chakudya. Kunyanja kwathu kuno yachita kukulirapo mphamvu, koma pa kampango wamkulu ingagwire ntchito. Nazi zokulungira zathu, tengani choyenera mumangirire."

Zinalipo zitatu. Ziwiri zinali ndi mwendo wautali ndi kawaya kokhota kutsogolo. China mwa izo chinali chachikulu, chonyezimira ngati golide. Chachitatu chinali chachifupi, chozungulira ngati chitini cha mkaka, utoto utasupuka m'mbali. Abdulwahab anaziyang'ana zonse, osadziwa ndi kutsogolo komwe. Anaganiza kuti ndodo yamphamvu ifuna chinthu chachikulu, ndipo dzanja linapita lokha pa chagolide chija. Chikomekome cha mkuyu!

Kumangirira kokha kunamutulutsa thukuta. Chinalowa, inde, koma pansi pa chogwirira cha ndodoyo panali kanyanga kena kamene tsopano kanaloza kumwamba n'kumamubaya pachikhatho. Anasintha kagwiridwe, kanyanga kali pomwepo. Mmodzi wa opaka utoto aja anatsokomola, ndipo sichinali chifuwa.

Dyna sanaseke. Analankhula motsitsa mawu, ngati akuuza ndodoyo.

"Mwina papita nthawi, achimwene. Kanyanga aka n'kokolekapo chala, kamakhala pansi, ndiye chokulungira chake chimakhala pamwamba. Ndi ichi chokalambachi. Chagolidecho chimatulutsa chingwe mozungulira motakata, ndipo timphete iti tachepa, chingwe chingatsamwe pa mphete yoyamba. Munthu amaiwala, si mlandu."

Apa mayiyu anali atamutsegulira khomo loti atulukire ndi ulemu wake. Abdulwahab akanangoti, "Zoona, ndaiwala," bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma a Fakiri anali ataimirira kale.

"Aiwala? Mayi, mukudziwa amene mukulankhula naye? Inu mwaphunzirira pa madzi ozizira awa, mwana wanga wakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa mafunde otalika ngati mzikiti! Akati ichi, ndi ichi basi. Kumeneko amamangirira chonchi."

"Baba, sindikukangana nanu ayi," anatero Dyna. "Ndingoti ndodoyi siinapangidwe choncho."

"Ndiye mukuti ndi wabodza? Mukuti ine Fakiri ndabwera kuno kudzakunamizani?"

Opaka utoto aja anaika maburashi pansi. Mlonda anasendera kuchokera kugeti. Abdulwahab analakalaka mchenga utang'ambika n'kumumeza. Manyazi a iye mwini akanawapirira, anali atawazolowera, ankagona nawo ndi kudzuka nawo. Koma apa nkhalamba imene sinanamizepo munthu ngakhale pa usipa umodzi inali kumenyera nkhondo bodza, ndi mtima wake wonse, pamaso pa anthu achilendo.

A Fakiri anaponya ndodo yawo yoyendera pansi, nakweza chala chamkombaphala kumwamba. Kwawoko aliyense ankadziwa kuti mkuluyu salumbira wamba; ankati dzina la Mulungu si mchere woti uzithira paliponse. M'moyo wawo wonse anthu anawamvapo akulumbira kamodzi kokha, pa mlandu wa malire a munda.

"Wallahi, pamaso pa Mulungu amene adzandiweruze, mwana uyu…"

"Bambo, musalumbire!"

Mawuwo anatuluka mokuwa, ndipo Abdulwahab anali atagwira dzanja la apongozi ake, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Anagwada pamchenga ali chigwirire.

"Musalumbire, bambo. Ine sindinakwerepo boti ku Durban. Ndinkatsuka magalimoto. Nyanja ndinkaionera patali Lamlungu. Nsomba ija si ine ndinapha, ndipo ndodoyi ndinachita kutola. Amayiwa akunena zoona."

Chala cha a Fakiri chinakhalabe m'mwamba kanthawi, kenako chinatsika pang'onopang'ono. Sanamukalipire. Bola akanamukalipira, bola akanamumenya ndi ndodo yomweyo! Anangochotsa dzanja lawo m'manja mwake mofatsa, nawerama movutikira kutola ndodo yawo yoyendera. Mlonda anafuna kuwathandiza, iwo anapukusa mutu.

Atawongoka anaoneka ofupika. Anayang'ana opaka utoto aja, nayang'ana mlonda, kenako anatembenukira kwa Dyna, mayi wa msinkhu wa mwana wawo womaliza. Anapinda mawondo awo ouma aja pang'ono, manja ali pachifuwa.

"Mayi, ndikhululukireni. Ndakukalipirani pa ntchito yanu popanda chifukwa. Wolakwa ndine, ndimalankhula zimene sindinaone."

"Ayi baba, dzukani, musatero," anatero Dyna, maso ali pansi.

Abdulwahab anali akadali chigwadire, akudikira kuti amutchule, amutukwane, amufunse chifukwa. A Fakiri anamudutsa osamuyang'ana, nalunjika kugeti. Atafika pamenepo anaima, osacheuka, nalankhula ndi mawu aulemu amene ankalankhulira ndi alendo.

"A Abdulwahab, inu mupeze minibasi ina. Ine ndikufuna ndikafike kumzikiti ndekha, ndikabweze mawu anga kwa anthu."