Kaseti Yopemphera Laisensi

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi. Ndinaiyamba tsitsi lili bii, lero latsala la m'mbali lokha ngati udzu wa m'mphepete mwa bwalo la mpira. Anthu a mumsewu mwathu amanditcha Mawaya. Dzinalo sindinalikondepo, koma palibe anandifunsa.

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi. Muli tebulo, chitini cha mabatire akutha, ndi mulu wa mawailesi amene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Kuseri kwa khoma kuli Telala. Ndati khoma, koma ndi matabwa chabe. Ndikayetsemula, iye amati pepani. Munthu womva zonse chonchi ndinkakhala naye mochenjera ngati njoka ya kudenga.

Wokonza wailesi ali ndi tsoka limodzi. Kuti adziwe ngati yachira, ayenera kuimvera. Ndiye moyo wanga wonse ndakhala ndikumwa mabodza: sopo woyeretsa kuposa anzake, mankhwala ochiza nthenda zonse, banki yokukonda ngati mayi ako. Poyamba ndinkangopukusa mutu. Kenako ndinayamba kuyankha. Wailesi ikati, "Fulumirani, mitengo yatsika," ine ndili, "Yatsikira m'thumba mwako." Zinandilowa m'magazi mpaka ndinasiya kudzimva. Mkazi wanga amati ngakhale m'tchalitchi ndimang'ung'udza ikafika nthawi ya zolengeza.

Tsiku lina ndikuyesa kawailesi ka mlonda wina, ndinamva kuti ofesi yoona za mawailesi ipereka laisensi imodzi ya wailesi ya malonda m'dera lathu, ndipo aliyense akhoza kupempha. Ndinayankha mwachizolowezi, "Aliyense wa kubanja kwanu." Koma mawuwo anandikakamira ngati nkhupakupa. Ndani amaidziwa wailesi kuposa ine? Ndaiona matumbo ake onse. Sukulu ndinalekeza pulayimale isanathe, inde, koma pakamwa sipafuna satifiketi. Ndinadziona nditakhala pampando wofewa, anthu m'makomo monse ali chete kundimvera ine, chinthu chimene ngakhale m'nyumba mwanga momwe sichinachitikepo.

Ndinauza mkazi wanga yekha, nditayamba ndamulumbiritsa.

"Inu bambo," anatero akupukuta mbale, "amene simuyankha moni wa aneba, mukufuna muzipereka moni kwa dera lonse?"

"Moni wa pawailesi ndi wabwino. Sakubwezera."

"Nanga za pakhomo pano muzikalengezanso?"

"Za pakhomo pano amalengeza kale ndi inu, pampopi paja."

Ndinagulitsa njinga yamoto kuti ndilipirire pempho langa. Kuofesiko ndinapita wapansi, nditavala jekete la ukwati. Ndinakhala pabenchi m'khonde lalitali lonunkha polishi mpaka matako anachita dzanzi. Kalaliki atandiitana anandifunsa zambiri: mlongoti udzakhala pati, mawu adzafika mpaka kuti, ndani adzayendetsa. Ndinkayankha mwachidule, podziwa kuti zimene wauza kalaliki m'mawa, masana zimakhala zili kwa mlamu wake. Pomaliza anandiuza kuti pa tsiku lokaonekera kwa akuluakulu ndibweretse zinthu ziwiri: chitsanzo cha pulogalamu chokhala ndi malonda mkati, komanso amalonda eniake oti akanene ndi pakamwa pawo kuti azidzalengeza pawailesi yanga.

"Wailesi ya malonda imadya kwa amalonda, madala," anatero. "Muli nawo anzanu?"

"Ambirimbiri," ndinatero.

Anandiuzanso kuti opempha tilipo awiri. Winayo anali mwini mabasi, munthu wa mimba yotsogola amene mabasi ake ndi omwe amatiwaza matope mumsewu mwathu.

Pobwerera ndinawerenga m'mutu amalonda a mumsewu monse. Wagolosale ndinakangana naye pa nkhani ya mabatire. Wometa anandicheka khutu dala. Wogulitsa mafoni ndi amene akupha ntchito yanga. Mkazi wanga ndiye anavala nsalu yake n'kupita kukandipemphera mboni kwa amalondawo, ndipo anabwera ndi mayina awiri: Wabutchala wa pakona ndi Telala.

"Telala? Mwamuuza zonse?"

"Ndawauza kuti mukufuna mboni. Kapena ndikaitane mawailesi anu akufa aja akakuikireni umboni?"

Ndinasankha kujambula Lamlungu masana, msewu uli zii. Foni sindinaifune, chifukwa zimene walankhula m'foni sudziwa kumene zimagona. Ndinatsitsa chiwailesi cha kaseti chimene mphunzitsi wina anasiya atasamutsidwa. Batani lake loyimitsira kujambula linali lothyoka, koma ndinali nditalikonza ndekha kalekale ndi kawaya, ndipo likadinidwa linkalira bwinobwino kuti kha. Ndinatseka chitseko, n'kukhoma bulangete pamatabwa a Telala.

Ndinali nditakonza zonse: moni, nkhani za mumsewu, malonda awiri, mawu othokoza, ndi nyimbo imodzi yotsekera. Ndikamaliza chigawo ndinkadina batani lija, kha, n'kupuma, kumwa madzi, kenako n'kupitiriza. Thukuta linali kamukamu, koma mawu anga ankandikomera. Ndinkamveka ngati munthu woti ali ndi galimoto.

Nditangoti ndibweze kaseti kuti ndimvere, makina a Telala anayamba kulira kuseri. Lamlungu, munthu wopemphera. Ndikaiseweretsa pano, mawa pulogalamu yanga yonse ikhala ili kwa mwini mabasi. Ndinaitulutsa kasetiyo, n'kuiika m'thumba la mkati la jekete.

Kunyumba mkazi wanga anati, "Tatiyeni timve."

"Mudzamva tsiku lake."

"Inuyo mwaimvera?"

"Ndinalipo pojambula. Ndimvere chiyani?"

Jeketelo ndinalitsekera m'sutikesi, kiyi ndinkayenda naye m'sokosi.

Tsiku lija litafika tinalowa m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali ndi fani yozungulira mwaulesi. Kuseri kwa tebulo kunali akuluakulu atatu, pakati pawo mayi wa magalasi amene anali wapampando. Mkazi wanga, Wabutchala ndi Telala anakhala pabenchi kumbuyo kwanga. Wabutchala anali atavala shati yoyera yopanda dontho la magazi, moti poyamba sindinamuzindikire.

Anayamba a mabasi. Mwini wake sanatsegule n'komwe pakamwa. Anamulankhulira anyamata a masuti okhala ndi kompyuta, ndipo pulogalamu yawo inali yosalala ngati sopo. Ndinaluma mlomo kuti ndisayankhe.

Itafika nthawi yanga ndinanyamula chiwailesi chija n'kuchikhazika patebulo. Mmodzi wa akuluakuluwo anati, "Zimenezi zikadalipo?" Ine ndinangodina batani loseweretsa.

Moni unatuluka bwino. Nkhani za mumsewu, za ngalande yotsekeka ndi magetsi othimathima, zinatulukanso bwino, moti Wapampando anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Mtima wanga unayamba kukwera masitepe. Kenako anafika malonda.

"Mukafuna nyama yofewa, pitani kwa Wabutchala wa pakona. Sikelo yake ndi yachilungamo."

Kha.

Pamenepo panayenera kubwera malonda achiwiri. M'malo mwake kunamveka kumeza madzi, kenako mawu anga omwe, otsika, a tsiku ndi tsiku:

"Yachilungamo chala chake chikakhala kuti chatopa. Nyama yofewa ya ng'ombe imene inalima minda ya agogo ake."

Fani ija ndiye inkamveka yokha. Ndinamva benchi ikulira kumbuyo kwanga. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma Wapampando anakweza cholembera.

"Isiyeni, bambo. Ya anzanu tamva mpaka kumapeto."

"Mayi, pali kavuto ka batani."

"Ndinu okonza mawailesi, eti?"

"Eya."

"Ndiye isiyeni."

Kha. Mawu a munthu wa galimoto anabwerera. "Ukwati wayandikira? Telala wa mumsewu mwathu amasoka suti yokukhalani. Imatha tsiku lomwe mwapangana."

Kha.

"Tsiku amanena, chaka ndiye sanena. Mkono wina wautali ngati ukupita kukapempha."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa. Anali Telala mwini wakeyo. Ine ndinali chiimire, maso ali pa kaseti imene inkazungulira mosafulumira, ngati ilibe mlandu. Ndinayesa kukumbukira zimene zinatsala. Nditakumbukira, ndinayang'ana kuchitseko.

Kha. "Tikuthokoza akuluakulu a ofesi yoona za mawailesi potipatsa mwayi umenewu. Ndi anthu ogwira ntchito mosakondera."

Kha.

"Mosakondera. Ngati sanaigulitse kale kwa chimimba wa mabasi uja, ine ndine mbuzi."

Mwini mabasi anayang'ana mimba yake. Wapampando anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Sanalembe kanthu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulemba.

Panatsala chigawo chimodzi, ndipo ndinkachidziwa.

Kha. "Nyimbo yotsekera ipite kwa mayi a kunyumba kwanga, amene akumvera ali pakhomo."

Kha.

Sindinacheuke, koma ndinamva msana wanga ukutentha pamene panali maso ake. Chipinda chonse chinadikira. Wabutchala anasiya kupuma mwaukali kuti amve bwino, poti tsoka likagwera mnzako limachepetsa lako. Pakasetipo ndinamveka ndikuika kapu pansi, n'kuusa moyo.

"Ameneyo yekha ndiye sanandinamizepo. Kaya akudikira chiyani."

Kenako nyimbo inayamba, yokoka pang'ono chifukwa mabatire anali atatopa.

Wapampando anadikira kuti ithe. Kenako anayang'ana kubenchi. "Amalonda amene mwabwera ndi bambowa, mukadali okonzeka kumalengeza pawailesi yawo?"

Wabutchala anaimirira. "Mayi, ine ndinatseka butchala kuti ndibwere kuno. Ndinachapitsa shati. Ndikanadziwa kuti ndikudzatukwanidwa, ndikanabwera ndi ya magazi yomwe ija." Anatuluka, chitseko anachisiya pululu.

"Nanga inu?"

Telala anapukuta misozi ndi kansalu. "Ine ndidzalengeza ndithu, mayi. Koma chaka chake sindinena."

Akuluakulu awiri aja anaseka. Wapampando sanaseke. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu owonjezera. Ndinati ndaona kuti ndalankhula mokwanira, ndipo pa mfundo imeneyo tonse tinagwirizana.

Laisensi inapita kwa mwini mabasi. Ena amati ndinadzimenya ndekha. Ine ndimati ndinaneneratu pakaseti, pamaso pa mboni, kuti ipita kwa iyeyo, ndipo inapitadi. Mneneri wina amatenga zaka kuti mawu ake akwaniritsidwe, ine anga sanathe mwezi. Chomwe sindidziwa n'chakuti ndinalosera kapena ndinathandiza.

Batani lija ndinalitsegula. Kawaya kanga kanali pomwe ndinakasiya, kakugwira ntchito imodzi yokha, yoliza kha. Ndakhala ndikuuza makasitomala kuti chinthu chikamalira sindiye kuti chikugwira ntchito, ndipo ena ndinkawalipiritsa pa malangizo amenewo.

Patapita masiku Telala anasuzumira pakhomo la shopu, tepi ili m'khosi.

"Aneba, bulangete lija mwachotsa?"

"Likukukhudzani?"

"Ayi, kungoti silinkathandiza. Lamlungu lija ndinali mkati chiyambire m'mawa, nditagona pansalu za makasitomala. Ndinamva zonse, kuyambira moni mpaka nyimbo."

"Ndi zoyankha zomwe?"

"Zonse."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndimayesa ndi mmene pulogalamu yanu ilili. Ndinauza mayi a kwathu kuti wailesi imeneyi ikatsegulidwa sindidzatcheranso ina." Anakanda m'mutu. "Komanso ndikanakuuzani, mukanati chiyani?"

Ndikanati watumidwa ndi mwini mabasi. M'malo mwake ndinamuuza kuti akunditchingira kuwala.

Wailesi ya mabasi inatsegulidwa. Mlongoti wake umaoneka ndikaima pakhomo la shopu. Anthu akutulutsa mawailesi akale pansi pa mabedi kuti ndiwakonzere, amvere wailesi ya kwawo, ndiye ntchito yachuluka. Ndimakonza, n'kutchera pomwepo, n'kumvera. Wabutchala amalengeza kawiri pa tsiku kuti sikelo yake ndi yachilungamo. Ndimamuyankha, ndipo kuseri kwa matabwa Telala amaseka. Omvera anga ndi amenewo, mmodzi, wosalipira. Nyama timagula kutali masiku ano, ndipo wopita ndine, wapansi.

Kaseti ija sindinaionenso. Mkazi wanga anaitulutsa m'chiwailesi tsiku lomwelo tili m'khonde, n'kuiponya m'chikwama chake. Ndinamufunsa kamodzi kuti andibwezere ndiifufute.

"Mufufute chiyani?" anatero. "Zaka zonsezi mwandiuzapo mawu abwino kamodzi kokha, komanso munkayesa kuti makina azima. Imeneyo ndi yanga."

Kumene anaibisa sindikudziwa. Ndafufuza m'sutikesi, m'kabati, ngakhale m'chitini cha shuga. Ndikuganiza kuti anakaisungitsa kwa mkazi wa Telala.