Uthenga wa Lachiwiri

Lefina ankasoka fodya pansi pa chigafa, tsamba limodzilimodzi, ngati munthu wosafuna kuti ntchito ithe. Ankabaya tsamba ndi singano ya waya, n'kulikankhira pa chingwe, n'kuliyang'ana kaye asanatole lina. Mwamuna wake Moffat anali pamwamba, akupachika zingwe zodzaza. Linali Lachiwiri, ndipo kuyambira m'mawa Lefina anali asanayankhule.

Njinga inaima pabwalo. Anatsikapo mayi wovala yunifolomu yabuluu, chikwama chili pamsana. Anali a Faustina, mlangizi wa zaumoyo amene anali atangotumizidwa kwa Lukwa mwezi wapitawo.

"Odi kuno eni fodya! Chaka chino mwalemera, musadzatiiwale ife oyenda panjinga."

"Fikani adokotala," anatero Moffat akutsika. "Kulemera kwake kuti? Khalani pansi musoke nawo, mumve mmene msana umalirira."

A Faustina anaseka, nakhala pampando, natulutsa tabuleti m'chikwama.

"Ndadzera inu, mayi Lefina. Makinawa akundikalipira chifukwa cha inu. Taonani, dzina lanu lafiira. Munachira mu Seputembala, mwana wamwamuna, makilo atatu. Kuchokera pamenepo, zii! Kusikelo simuoneka, katemera sanalandire ngakhale mmodzi. Mwawabisa kuti abwanawo? Kapena mwawatuma kale kokathyola fodya?"

Palibe amene anaseka. Singano ya Lefina inaima pakati pa tsamba.

"Mwanayo anabwerera," anatero Moffat motsitsa mawu. "Anangokhala nafe masiku asanu."

A Faustina anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Pepani. Pepani kwambiri, sindimadziwa."

Sakanadziwa. Mwanayo anamwalira mchombo usanagwe, asanatulutsidwe panja. Amayi akuluakulu a m'mudzi anamufunda nsalu, nakamuika okha masana, monga amachitira ndi khanda lotere. Amuna sanapite. Nyimbo panalibe. Lefina anauzidwa kuti asalire mokweza, kuti angadzavutike kutenganso pathupi. Mawa lake anthu anapita kumunda, ndipo kuyambira tsikulo panalibe amene anatchulanso za mwanayo.

Inkatchula ndi foni yokha. Lefina ali woyembekezera, a kuchipatala analemba nambala ya Moffat m'makina awo, ndipo Lachiwiri lililonse kunkabwera uthenga wa malangizo. Mwana atapita, uthengawo sunasiye.

"Popeza mwabwera, tithandizeni," anatero Moffat. "Tsekani mauthenga aja. Sabata iliyonse: mwana wanu wayamba kumwetulira, mwana wanu mugonekeni m'neti. Kodi makinawo alibe chisoni? Ine ndimangofufuta msangamsanga kuti mayiwa asaone."

"Makina sadziwa kanthu ngati munthu sanawauze, bambo. Ndikalemba pano kuti mwana anamwalira, lero lomwe mauthenga atha. Koma pali mafunso angapo. Mundikhululukire."

"Funsani."

Anafunsa tsiku, anafunsa malo, anafunsa mmene matenda anayambira. Moffat anayankha zonse ali chiimire: thupi linatentha Loweruka, Lamulungu anasiya kuyamwa, Lolemba m'mawa akufunafuna njinga yamoto, basi. A Faustina ankagogoda pagalasi ndi chala chimodzi, osadzutsa mutu.

"Dzina la mwana?"

"Analibe. Tinali tisanamutche. Dumphani pamenepo."

"Chabwino, ndingolemba kuti..."

"Musadumphe."

Onse awiri anatembenuka. Lefina anali ataika singano pansi. Ankayang'ana manja ake odetsedwa ndi fodya.

"Mayi, zisiyeni izi," anatero Moffat mofatsa. "Mungodzipweteka mtima."

"Mtima wake uti, bambo? Mumati mumafufuta kuti ndisaone. Foni ija mumaisiya pazenera kuti idye moto wa sola, inu n'kupita kumunda. Uthenga umafika ine ndikusesa. Ndawerenga onse. Palibe umene unandiphonya."

Lefina anapitiriza.

"Unanena kuti wayamba kutsatira nkhope ndi maso, ndinadziwa. Unanena kuti akutembenuka yekha, ndinadziwa. Wa lero wati wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndiyambe kumupatsa phala." Analoza kunyumba. "Ufa wa soya ndinasunga m'chitini kuyambira ndili ndi pathupi. Uli pomwepo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Amayi anga samutchula. Kumpingo samutchula. Inunso simumutchula. Pamudzi ponse pano amene amakumbukira kuti ndinabereka ndi foni."

Moffat anakhala pansi pa mulu wa fodya, osasamala kuti akuphwanya masamba. Anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Ine ndimawerenganso ndisanafufute," anatero mawu ali m'chipewamo. "Ndikabwerera kumunda kuja, ndimakhala kaye pachulu."

A Faustina anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayi Lefina, ngati mukufuna, ndikhoza kusiya osalemba lero. Mauthenga azibwerabe."

Lefina anapukusa mutu.

"Ayi. Posachedwa adzati wayamba kukwawa, kenako adzati akuyenda. Ine sindingathe kumuona akuyenda pafoni. Tsekani." Anasendera pafupi, nayang'ana kabokosi kopanda kanthu pagalasipo. "Koma zimene mwalemba m'menemo sizifufutika?"

"Sizifufutika. Zimakasungidwa ngakhale tabuletiyi itasweka."

"Ndiye lembani dzina kaye. Ndinamutcha usiku woyamba kuchipatala, ndili ndekha. Sindinauze munthu."

Moffat anachotsa chipewa kumaso.

"Ndani?"

Lefina sanayang'ane a Faustina. Anayang'ana mwamuna wake.

"Pempho. Mwana wanu dzina lake ndi Pempho. Mutchuleni, bambo, ndimve."