Malemu Akundilondolera Njira

Amuna anga anali munthu wosadziwa kufika pa mfundo. Ukawafunsa ngati madzi awira, ankayamba ndi mbiri ya ketulo. Ndinapirira mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, n'kumati basi zatha. Ndinadzinamiza.

Anandisiyira galimoto yonyamula mazira, yakale, chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya. Ntchito yake inali kutenga mazira kufamu n'kukasiya m'mashopu. Laisensi ndili nayo, ndinkayendetsa iwo akadwala, koma misewu yapafupi yokha. Maliro atangotha, alamu anga, mng'ono wa malemu, anayamba kuizungulira galimotoyo ngati ntchentche pa bala. Ankati mzimayi sangaikwanitse, tauni sindiidziwa, bola ndiwapatse makiyi iwo azindiganizira. Azindiganizira ine, ngati ndine mwana wawo.

Mwini famu anati za kubanja kwathu sizikumukhudza. Kutsidya kwa tauni kwatsegulidwa bekale, mazira akafike asanayambe kukanda za masana. Ndikalephera, ntchito aipereka kwa alamu, ndipo ntchito ikapita galimoto itsatira. Alamu anali pomwepo. Anadzikweza okha pampando wapambali panga, akuti akandithandize kutsitsa. Ankafuna akaone ndi maso awo ndikusokera.

M'mawa umenewo mwana wanga wamkazi, asanapite kuntchito, anali atandiikira malowo m'foni ya bambo ake, ija ya mapu olankhula. Anati ndizingomvera. Titatuluka pageti la famu, foni inatsokomola.

"Ehem. Adalaivala, pepani kukusokonezani. Apa tsopano, ngati simukuona vuto, mosathamanga ndithu, mukhote kumanzere."

Ndinangotsala pang'ono kulowa m'ngalande. Anali mawu a amuna anga. Madzulo ake mwana anandifotokozera kuti foni imalola munthu kujambula mawu ake m'malo mwa mzimayi amene amalankhula m'mapumo, ndipo bambo ake anachita zimenezo osauza aliyense. Koma nthawi imeneyo ndinalibe wondifotokozera. Ndinali ndi mazira kumbuyo, malemu pa dashibodi, ndi mphambano imene inadutsa kale iwo akadali pa "mosathamanga ndithu".

Foni inazindikira kuti ndapitirira. Malemu anausa moyo. Anati zachitika, si kulakwa kwanga, munthu aliyense amasokera, ndikapeza mpata ndibwerere. Pomwe ankamaliza, mpatawo unali utapitanso. Chakumbuyo kwa mawu awo kunkamveka mzimayi akukalipa kuti atsitse mapazi patebulo. Ndinamvetsera bwino. Ndinali ine.

Komanso ulesi wawo uja sanausiye. Anajambula zina, zina ayi. Mtunda ndi mayina a misewu ankanenabe mzimayi wa m'mapu, ndi mawu ake osalala ngati sopo, akupotoza mayina mpaka msewu woudziwa osauzindikira. Ndiye iye ayambe, amuna anga amulande, iye amalize. Chikhalireni sindinawagwirepo ndi mkazi, lero ali m'manda ndi pamene akulandizana mawu ndi wina pamaso panga.

Alamu anali atavula chipewa. Anachigwira pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe, ndipo foni ikalankhula ankayankha kuti inde achimwene. Koma munthu wadyera salira maso onse awiri. Malemu atanenanso zobwerera, alamu anapukuta mphuno nati, "Mwamva nokha, alamu. Akuti mubwerere. Galimotoyi sakufuna muziyendetsa."

Ndinawauza kuti akulu awo sanandilamulepo ali ndi mpweya, sayamba lero ali mu batire.

Tinazungulira. Mphambano iliyonse inali chimodzimodzi: kuzungulira nkhani, kupepesa, msewu wadutsa. Ndikachepetsa liwiro kuti ndiwadikire amalize, akumbuyo ankandiimbira hutala ngati ndawabera mwana. Wothira mafuta pa filing'i ina anayamba kutibayibitsa tikamadutsa. Dzuwa linkakwera, mathileyi a mazira akulira pa bampu iliyonse. Ndinaima pambali pa shopu ya matayala kuti ndiwachotse mawuwo, koma magalasi ndinali nditasiya pa sinki. Alamu anati ndiwapatse foniyo, iwo amazidziwa. Anadinadina, mawu anangokwera, mpaka okonza matayala anamva amuna anga akupepesa.

Ndinaitukwana foniyo, sindibisa. Ndinaiuza zonse zimene sindinanene m'chipatala: mankhwala amene ankabisa pansi pa pilo, kukana dokotala mpaka miyendo itatupa, kundisiya ndi waya pachitseko ndi mng'ono wawo pampando. Alamu anayang'ana kunja. Foni inati ndikapeza mpata ndibwerere.

Nditabwerera mumsewu, mtima utaphwa pang'ono, ndinaona chinthu. Akafuna kumanzere ankayamba ndi kutsokomola. Akafuna kumanja ankayamba ndi "Chabwino, tsopano". Kupita molunjika ankayamba ndi kumeza malovu. Kunyumba sindinkadikira kuti amalize chiganizo, nanga pamsewu ndidikirirenji? Atangoti "Ehem" ndinayatsa indiketa n'kukhota. Iwo anapitiriza ndi ulemu wawo wonse, n'kudzati kumanzere ine ndili kale pakati pa msewu watsopano.

"Ndakhota kale, bambo. Malizani," ndinatero.

Alamu anati si ulemu kudula mawu a malemu. Ndinati agwire thileyi yapamwamba ija isagwe.

Tinafika mayi wa bekale ataima pakhomo, ufa mpaka m'zigongono, nkhope ili gwa. Anati akanadikira pang'ono pokha n'kutuma munthu kukagula kwina. Anatsegula kumbuyo, napeza osweka angapo m'thileyi yapansi, nati amenewo ayamba nawo. Kenako anaimbira mwini famu ife tili pomwepo, namuuza kuti mazira afika, mawa abwerenso mayi yemweyu koma alawirire. Alamu anatsitsa mathileyi onse, chipewa chili m'thumba.

Pobwerera sanatchule za makiyi. Malemu okha ndi amene ankalankhula. Titafika pageti la kwathu sanatsike msanga. Anakanda bondo, nati galimoto ndikhale nayo, koma ngati n'kotheka ndiwapatseko foniyo, chifukwa alibe kalikonse kokhala ndi mawu a akulu awo.

Ndinakana. Foniyo ndi ya ntchito, ndipo mwamunayo ndi wanga, kutsokomola kwake komwe.

Kenako anafunsa ngati sindingafune munthu wotsitsa mathileyi. Msana wanga unali utayankha kale ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinati mawa ndiwapeze pageti la famu, asandidikiritse, chiwongolero asachikhudze, ndipo akafuna kulira azilira atatsitsa mazira.