Lilime la Apongozi

Laston anabwerako ku Blantyre ndi jekete yoyera, tchati chopindapinda ndi mabotolo a mankhwala a ku China. Maphunziro ake anali a masiku atatu okha, koma mayendedwe ake anali a munthu womeza mabuku onse.

Iye anali mkamwini kwa Nthache, ndipo kwa zaka ziwiri khasu ankangolionera patali. Apongozi ake, a Nangozo, anali atanena kale kuti manachesi akapsa iwo asanaone phindu la mkamwiniyo, aziona msewu. Tsono a Nangozo atayamba kumva mutu ndi chizungulire, Laston anakondwa, Mulungu amukhululukire. Akawachiza, ndani adzamupitikitse?

Koma ku Blantyre anamuphunzitsa kuti matenda amaonekera pa lilime. Nanga mkamwini, amene amapatukira kutchire akakumana ndi apongozi panjira, angawauze kuti atulutse lilime? Zinavuta. Anakhala panja kuyang'ana kukhola, a Nangozo ali m'nyumba, mkazi wake Esime n'kumayenda pakati ngati mtengatenga.

"Kalione lilimelo. Ndi lofiira kapena lotuwa?"

Esime analowa n'kutuluka. "Akuti ndi lomwe lija ankakufunsirani nalo za kumunda."

Laston anatambasula tchati chake. Anafotokoza mokweza, kuti mawu alowere pazenera, kuti m'thupi muli mphamvu ziwiri, yini yozizira ndi yang'i yotentha, ndipo ina ikaposa inzake munthu amadwala. Kenako anafika pa zinthu zisanu, pamene ankapakonda kwambiri.

"Mtengo umadyetsa moto. Moto umasiya phulusa, ndiye dothi. M'dothi mumachoka chitsulo, chitsulo chimabala madzi, madzi n'kumwetsa mtengo. Chilichonse chimadyetsa chinzake. China chikangodya osadyetsa, thupi lonse limadwala."

Atamaliza, Laston anamwetulira, poganiza kuti nzeru zalowa.

"Esime," anatero a Nangozo m'katimo, mawu ali gwa ngati sakudwala, "anthu a ku Chinawo ndi ozindikira. Munda umandidyetsa ine, ine ndimadyetsa iwe, iwe umadyetsa amuna akowo. Tawafunsa, iwo akudyetsa ndani?"

Laston anayang'ana tchati chija. Panali chiwindi, mtima, mapapo, impso, zonse ndi mivi yake. Mkamwini panalibe. Mantha anamugwira, ndipo anadikira kuti Esime amuikire kumbuyo monga ankachitira nthawi zonse.

Esime analowa m'nyumbamo n'kukhalitsa. Potuluka anali ndi khasu kudzanja lamanja, chikwama cha Laston kudzanja lamanzere. Anagwada mwaulemu n'kuziika pamapazi pake.

"Akuti matenda awo mwawapeza, a dokotala. Musankhe nokha mankhwala."