Nsapato za Jonas

Nsapato zinatulutsidwa pomaliza, majekete ndi malaya atagawidwa kale. A Ivan, akulu ake a malemu Jonas, anaziika pa kapeti pakati pa abale amene anadzaza pabalaza ku Wigston, kufupi ndi Leicester ku Mangalande, nati aliyense ayese mwayi wake.

Amuna anayesa mmodzimmodzi, mapazi n'kumangosambira. Anthu anaseka koyamba chichitikire maliro. Deborah, mkazi wa malemu, sanaseke nawo.

Jonas anafika ku Leicester ali kamunthu kowonda, kovala saizi eyiti. Atayamba kuyendetsa basi, thupi linayamba kufutukuka: manja, chibwano, mapazi. Mphete yaukwati anachita kukaidulitsa kwa osula golide ku Belgrave. Ndiye ife, munthu akamakula thupi timangoyamikira. Zithunzi zikafika ku Kasungu, amayi ake ankalulutira kuti Mangalande wamuyanja mwana wawo. Mutu ukamuwawa ankati ndi mashifiti, mpaka tsiku limene anagwa kuntchito.

Madokotala anapeza zotupa ziwiri pa kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamatulutsa mahomoni. Chimodzi chinakhala chikuthira m'magazi homoni yokulitsa thupi kwa zaka zambiri, mtima mpaka unatopa. Anamuuzanso Deborah kuti nthawi zina zimenezi zimayenda m'banja, choncho mwana akayezedwe.

Deborah atawafotokozera a Ivan, iwo anamuletsa. "Mlamu, misozi sinaume, mukufuna kumuitanira mwana matenda ndi pakamwa panu? Zimenezo musazitchulenso."

Deborah anamvera. M'masiku a maliro, wamasiye sakangana ndi akuchimuna.

"Kondwelani, tabwera uyese," anatero a Ivan.

Kondwelani, mwana yekhayo wa Jonas ndi Deborah, anali chaka chachiwiri pa yunivesite ku Loughborough. Anadzuka monyinyirika, n'kuvula masilipasi. Phazi linalowa mokakamiza pang'ono, chidendene n'kukhazikika. Anamanga zingwe, naimirira.

"Mwaona? Magazi sanama," anatero a Ivan akuwomba m'manja. "Jonas sanapite, ndi uyu."

Azakhali ena anayamba kulira ndi chimwemwe. Deborah anayang'anitsitsa mapazi a mwana wake. Nsapatozo zinali saizi thwelofu, pamene iye, mwanayo akupita ku Loughborough, anamugulira naini. Anamuyang'ana nkhope ngati mlendo, ndipo anaona zimene ankaziona sabata ndi sabata osazizindikira: chibwano chotsogola, mipata m'mano apansi, zala zonenepa zikukanika kutseka batani la pamkono. Anachita mantha kuposa tsiku limene Jonas anagwa.

"Kondwe, mutu umakuwawa?"

"Mlamu," anatero a Ivan motsitsa mawu, "tinagwirizana chiyani?"

"Ndikufunsa mwana wanga, alamu."

Mnyamatayo anazolowera kuyankha m'Chizungu, koma apa anafunafuna Chichewa chake.

"Umawawa, amama. Kuyambira chaka chatha."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinawauza adadi. Anati inu muli ndi zambiri kale, tisakudandaulitseni. Anati nawonso unawayamba choncho, umazolowereka."

Anapisa m'thumba la jinzi, natulutsa kabotolo ka mankhwala a mutu kolembedwa dzina la Jonas.

"Lamlungu lililonse akamandiperekeza ku siteshoni, ankandigawira theka la awo."