Lachitatu Ndi la Nsomba

Kontirakiti ya Lachlan inkatha mu Juni, koma iye ankangozemba kusaina ina. Chaka chimenecho anali atamwetsa zigoli khumi ndi zinayi, choncho kochi wathu, a Dimitri, mtima sunali m'malo.

"Mayi Bronwyn, ndi matimu a ku Sydney awa, akumunyengerera," anandiuza. "Kamufufuzeni."

Ntchito yanga pa timuyi ndi kusamalira osewera: kuwapezera nyumba, sukulu za ana, ngakhale dokotala wa mano. Nditafika kunyumba kwa Lachlan ndinamupeza atavala majekete awiri, akupukuta ndodo yowedzera nsomba.

"Iwe, akukufuna a ku Sydney eti?"

"Sydney? Ndikatani kumeneko, anti? Ine ndikufuna kwathu ku Darwin. Melbourne yanu ino imazizira ngati m'firiji, ndipo chibwerere sindinaponyeko mbedza m'madzi."

"Basi? Nkhani yonseyi ndi nsomba?"

"Mukuziona zazing'ono inu."

Nditakawafotokozera a Dimitri, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakumbukira bambo awo, a Stavros, mkulu wa zaka 78 amene anali ndi boti koma ana anawaletsa kupita panyanja okha.

Lachitatu lotsatira tinawakumanitsa awiriwo. Anabwerako kunyanja akukangana.

"Mwana uyu amangodziwa mpira basi," anatero a Stavros. "Nyambo amaimanga ngati chingwe cha nsapato."

"Agogo, nanga nsomba zinayi izi wagwira ndani? Inu mwangogwira chimfine!"

Patapita milungu itatu, Lachlan analowa mu ofesi nkhope ili ngwee.

"Ndisaina zaka zitatu, koma mulembemo kuti Lachitatu ndi langa."

A Dimitri anang'ung'udza, koma analemba. Goloboyi wathu Mirko atamva, nayenso anafuna zomwezo, ngakhale ulendo woyamba anasanza kuchoka padoko mpaka kubwerera. Mapeto ake tinangosuntha tsiku lopuma la timu yonse kuti likhale Lachitatu.

A Stavros anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaponda pabwalo, ati mpira wa masiku ano ngwa anthu aulesi. Tsopano amakhala kutsogolo penipeni. Sabata yatha a Dimitri atafuna kumutulutsa Lachlan kutatsala mphindi khumi, bwalo lonse linamva mawu a mkuluyo.

"Dimitri! Musiye ameneyo, tuluka ndiwe!"