Ufa Pamutu pa Ba Kapambwe

A Dingani Jere anaphunzitsa ana za mathithi a Mosi-oa-Tunya zaka zawo zonse zauphunzitsi ku Mzimba, koma eni ake osawaonako. Atapuma pantchito, masiku aja a chipani chimodzi pamene sopo ankachita kumuimira pamzere, anakwera basi ya ku Zambia. Anafikira ku Chawama, mu Lusaka, kwa Towera, mwana wa mlongo wawo, wogulitsa kapenta pamsika. Koma tsoka silinunkha: lata la mpanda linawacheka mwendo.

Mwini kachipatala kena kapafupi anawasoka bwino ndithu. Atangomva kuti ndi mlendo wodzaona dziko, mtengo unakwera ngati akugulitsa ng'ombe. Ndalama zitaperewera, anawalanda pasipoti n'kuitsekera m'kabati. Sitima ya ku Livingstone, kumene kuli mathithiwo, inali mawa lake.

Towera anapeza malume ake atakhala pakhonde, atagwira tsaya. Zinamuwawa kwambiri. Nkhalamba yodikira moyo wonse, n'kubwerera osaona ngakhale dontho?

"Amalume, dokotayo dzina lake ndani?"

"Akuti a Kapambwe."

"Mubemba!" Towera anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anatapa ufa m'mbale, uyo panjira.

Mu Lusaka aliyense ankadziwa chimbuya. Angoni ndi Abemba, adani akalekale, anasandutsa nkhondo yawo nthabwala. Amanyozana, amathirana ufa, ndipo wokwiya ndiye chitsiru. Pamaliro a Mubemba, Angoni ndiwo amakumba manda ndi kuphika, Abembanso chimodzimodzi.

Towera anadutsa mzere wa odwala ngati mwini nyumba. A Kapambwe anali pampando, atavala jekete loyera ndi magalasi. Asanatsegule pakamwa, mbale yonse inali pamutu pawo. Tsitsi, nsidze, ndevu, zonse mbuu!

"Ba Kapambwe, kapolo wanga, odya anyani imwe! Mwayamba liti kulipiritsa mafumu anu?"

Odwala anafa nalo phwete. Mayi wina wa chifuwa anaseka mpaka kuiwala kutsokomola. A Kapambwe anadzuka mtima uli m'mwamba.

"Mayo, pano ni panchito! Nizaitana kapokola!"

"Itanani wapolisiyo," anatero Towera, akudzikhazika pampando wawo womwewo. "Nizamuuza kuti mwamanga pasipoti ya Mngoni. Mawa Chawama yonse izamvela. Manje niuzeni, siku yamene muzafa, azakukumbilani manda ni ndani?"

Phwete lija linatha. Bambo wina wachikulire pamzerepo, Mubemba mnzawo, anapukusa mutu. "Ba dokota, mbuya sakalipilidwa. Osatichititsa nsoni."

A Kapambwe anayang'ana nkhope zonse zija, anthu omwe ankakumana nawo kutchalitchi ndi kumaliro. Anavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono. Kenako anatsegula kabati.

"Tengani, odya mbewa imwe. Alipile monga aliyense."

"Na bandeji yatsopano yoyendela," anawonjezera Towera. Akazi anaimba nthungululu mpaka agalu a kuseri anayamba kuuwa.

Patapita sabata, a Jere anabwerera akutsimphina, nkhope ikuwala ngati ya mwana. Ananyamula botolo la madzi a mu Zambezi, n'kupita nalo okha kukachipatala kuja. Anapeza a Kapambwe akulemba, nawakhuthulira onse pamutu.

"Mbuya," anatero, "ndamva kuti ufa uja sunachoke bwino."